Chikhadabo cha mu Envulopu

9 Malichi

Okondeka amayi a ana,

Ndiyambe ndi moni. Muli bwanji kumeneko, inu, ana ndi zidzukulu? Ine kuno ndilipo. Bondo lokha ndi limene limadandaula pa masitepe, koma nalonso lazolowera kuti palibe wolimvera. Kalata yomwe munalembetsa kwa wachisamba wathu yandipeza Lachiwiri, dalaivala wa basi anaisiya kwa mlonda wa pageti.

Za denga lodontha pamwamba pa makina anu osokera ndamva, ndipo ndalama ya malata ndampatsa dalaivala yemweyo. Muitane mmisiri wamtali uja, osati achimwene anu. Achimwene anu akakwera padenga timagula malata kawiri.

Koma chandikhalitsa pansi ndi mzere umodzi womwe mwanayu anaulemba kumapeto, timalemba tating'ono ngati wakuba. Akuti chikhadabo cha chala chachikulu cha phazi lanu lamanja chatuluka mzere wakuda, ndipo mzerewo ukunenepa. Nkhani ya nkhuku ya aneba inadya tsamba lonse, ya phazi lanu mzere umodzi.

Mumauza anthu kuti amuna anga amakolopa kuchipatala. Kukolopa ndimakolopadi, koma lero mumve bwino kumene ndimakolopako. Chipinda chathu chili pamwamba, kumapeto kwa khonde, kumene odwala safikako. Kumabwera timabotolo tokha. M'kabotolo kalikonse muli kachidutswa ka khungu kapena ka chikhadabo cha munthu, kochepa ngati njere ya mpunga. Ine ndimatinyamula kuchokera pansi. Mnzanga wina, timam'tcha Lumo, amakakwirira kachidutswako m'phula, n'kukadula mopyapyala kuposa khoko la anyezi, n'kukayala pa kagalasi, n'kukanyika mu utoto. Kenaka Dokotala, mayi wamfupi wosataya mawu, amakayang'ana pa maikulosikopu n'kutchula matenda. Akatha, timagalasi tonse timabwerera kwa ine, ndimatisunga m'madilowa achitsulo motsata manambala. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi tsopano.

Sukulu sindinapondeko, mukudziwa, zilembo izi ndinazitolera pa timabotolo. Koma makutu ndili nawo. Dokotala amayankhula zomwe waona m'kamakina kojambula mawu, chitseko chili pululu, ine ndili panja ndi chikolopa. Ndafika podziwa ndi kupuma kwake komwe. Akapeza zazing'ono amatchula nambala ya munthu kamodzi n'kuthamanga. Akapeza zoopsa amaitchula kawiri, pang'onopang'ono, kuti wotayipa asalakwitse.

Ndiye ndikamati mzere wakuda pa chikhadabo si woseka nawo, sindikulota. Nthawi zambiri amakhala magazi ogona, munthu anapunthwa n'kuiwala. Amenewo amayenda ndi chikhadabo, chikamakula amatsika mpaka kutha. Koma mzere wosayenda, wongonenepa uli pomwepo, umafunika kuuona kumuzu, kumene chikhadabo chimamerera.

Pitani kuchipatala chachikulu, osati kakiliniki ka pakona. Mukavule nsapato asanakuuzeni. Mukanene kuti mukufuna adule kachidutswa ka kumuzu akakayeze. Iwe wachisamba, popeza ndiwe ukuwerenga, mzere uwu uwawerengere kawiri.

Nsapato zakuda zomwe ndinatumiza zija zikukukwanani? Simunanenepo kanthu.

Ndine,
bambo a ana

2 Epulo

Amayi a ana,

Moni nonse. Ndamva kuti chifuwa cha mdzukulu chatha, ndathokoza. Ine ndili bwino, kungoti kuno kwayamba kuzizira ndipo mwini nyumba wakweza lendi, akuti chifukwa anapenta chitseko. Chitseko chomwecho sichitsekeka.

Tsono tiyeni ku nkhani. Mwati munapita kuchipatala, munakhala pa mzere mpaka masana, wakuonaniyo anayang'ana phazi ali chiimire n'kukupatsani mafuta opaka. Zodula mwati simunazitchule, chifukwa muli ndi mayunifolomu a sukulu makumi anayi ndipo phazi lopalasira makina ndi lomwelo. Amayi, ana asukulu amenewo akavala zothina sabata ziwiri afa? Ndinawerenga kalatayo ndili pa benchi, tiyi mpaka anazizira.

Ndinavutika masiku atatu, tsiku lachinayi ndinalowa kwa Dokotala ndi chikolopa m'manja ngati ndaona dothi.

"Dokotala, ndili ndi funso la kunyumba."

"Nenani, Madala." Maso ali pa maikulosikopu. Kuno onse amanditcha Madala, ngakhale amene amandiposa imvi.

Ndinafotokoza zonse. Anadzutsa mutu.

"Kudako kwafika pakhungu la m'mbali?"

"Sindikudziwa."

"Unayamba liti mzerewo?"

"Sindikudziwa."

"Phazilo munaliona liti inuyo?"

Ndinawerenga m'mutu. "Zaka zitatu zapitazo." Ndipo ngakhale pamenepo, amayi, ndani amayang'ana phazi la mkazi wake atabwera kutchuthi cha masabata awiri?

Anati chofunika ndi kachidutswa ka kumuzu, palibe njira ina yolunjika. Ndinati mayi amenewo ndimawadziwa ine, kuwakokera ku mpeni n'kovuta kuposa kukweza kabati pa masitepe athuwa. Anamwetulira pang'ono. Anati ngati ndi choncho, mudule msonga ya chikhadabocho mutumize, aiyang'ana mwa chifundo chabe, popanda kuilemba m'buku. Anati msonga imanena theka lokha la nkhani, koma theka liposa kukhala osadziwa kanthu.

Ndiye mverani. Dulani msonga ya chikhadabo chija, muikulunge m'pepala louma, muike mu envulopu, mumate. Musaipake mafuta aja, musaiike m'madzi. Wachisamba alembe tsiku pamwamba. Mumpatse dalaivala m'manja, osati kondakitala wake, ameneyo anataya wailesi yanga.

Ndipo chonde, amayi, chinthuchi chikupita m'manja mwa munthu wamkulu, amene akundichitira ulemu womwe sachitira aliyense. Musanditumizire zonyansa zoti ndikachite nazo manyazi. Sambani phazi, dulani bwino, pepala likhale loyera.

Malata anafika? Ngati achimwene anu akwera kale padenga musandiuze.

Bambo a ana

28 Epulo

Okondeka amayi a ana,

Moni wa chimwemwe lero. Ndikhulupirira muli bwino monga ndilili ine, chifukwa ine ndapepukidwa ngati ndatula thumba la simenti.

Envulopu inafika bwino, yomata bwino, pepala loyera ngati la kubanki. Ndinanyadira. Ndinapita nayo kwa Lumo nthawi ya tiyi, kapitawo atatuluka. Lumo anaitsegula ndi kapanira kake n'kuyamba kuseka.

"Madala, akazi anu ali ndi zikhadabo zaulemu. Ine ndimayembekezera chikhasu."

"Dula, usandiyese mnzako wa kumowa."

"Koma kachepatu. Chala chachikulu chimenechi?"

"Mayi amenewo ngakhale sopo amadula chomwecho."

Anakanyika masiku awiri kuti kafewe, pakuti chikhadabo chouma chimabunthitsa mpeni wa makina, ndipo mpeni ukabuntha Lumo amatukwana mpaka makolo a amene anaupanga. Kenaka phula, kenaka kudula. Mukanaona, amayi. Kachidutswa kanu kanatuluka ngati nthenga, anakayandamitsa pa madzi ofunda n'kukawola ndi kagalasi. Utoto anagwiritsa wapadera, wofiirira, wogwira tizilombo.

Lachinayi Dokotala anandiitana. "Madala, bwerani muone." Zaka zonsezi sanandiitanepo kuti ndione. Ndinaika diso. Poyamba ndinangoona nsidze zanga zomwe, kenaka zinabwera: timizere tofiira tolukanalukana, ngati ulusi womwe umagwa pansi pa makina anu.

"Amenewo ndi mafangayi," anatero. "Abale ake a zipere. Amachizika."

Ndinayamba kuthokoza pomwepo. Koma mayi ameneyu sasiya nkhani ili yokoma.

"Munati chikhadabo chakuda. Muno sindikuona chakuda chilichonse, ngakhale magazi akale. N'cha chala chomwecho?"

"Dokotala, akazi anga amasoka kolala ya shati osayeza. Angasokoneze zala zawo zomwe?"

"Chabwino. Komabe kumuzu kukaonedwe."

Anthu ophunzira ndi otero, ukawapatsa yankho amafuna linanso. Ndinathokoza ndi manja awiri n'kutuluka.

Mnzake wa Dokotala, wa ku chipinda cha matenda a pakhungu, wandilembera mapiritsi, ndagula a miyezi itatu. Mtengo wake musandifunse, ndingoti jekete yomwe ndimafuna ija idikire chaka china. Limodzi patsiku, mutadya. Musagawire aneba ngakhale akhale ndi zikhadabo ngati za kadzidzi. Mukaona maso achita chikasu kapena mseru wosatha, siyani mupite kuchipatala. Masokosi muzichapa ndi madzi otentha, phazi lizikhala louma.

Kagalasi kanu sikali m'buku, ndiye kalibe dilowa. Dokotala wandipatsa. Ndakakulunga m'kansalu, kali m'thumba la shati. Anzanga amayenda ndi zithunzi za akazi awo, ine ndikuyenda ndi chikhadabo.

Sokani mayunifolomu anu mwamtendere. Mwina ndinakuopsezani chabe, mundikhululukire. Munthu ukakhalitsa pakati pa timabotolo umayamba kuona matenda ndi pa khoma pomwe.

Amuna anu

20 Julayi

Amayi a ana,

Moni. Ine ndilipo. Za inu sindikudziwa, chifukwa makalata anu awiri apitawa ndi aafupi ngati malisiti a m'sitolo. Tili bwino, denga latha, mapiritsi akumwa, zikhadabo zikuyera. Basi.

Zikhadabo zikuyera. Ziti? Ine ndinafunsa za chimodzi.

Dzulo ndinapita kudepoti kukasiya kaphukusi ka shuga ndi ulusi. Dalaivala anandikokera kumbali.

"Madala, amayi aja anavulala?"

"Avulala bwanji?"

"Anabwera kudzalandira katundu mwezi watha, phazi limodzi nsapato, lina patapata, chala chomanga kansalu. Akuyenda chotsimphina. Ndinati ndiwathandize kunyamula, anandikalipira."

Kukalipako ndinakuzindikira, ndinu ndithu. Koma zinazo ndimve kwa dalaivala, pakati pa matumba a anthu, ine ndili ndi mwana wodziwa kulemba?

Mafangayi satsimphinitsa munthu amene wamwa mapiritsi miyezi itatu. Ndawamva akutchulidwa pa chitseko chija kambirimbiri, sindinamvepo akumangidwa nsalu. Iwe wachisamba, ndikuyankhula ndi iwe tsopano. Ika kalatayi pansi, uwavule amayi ako kansaluko, uyang'ane ndi maso ako. Undilembere mtundu wake, kukula kwake, ngati pakutuluka madzi kapena magazi, ngati kudako kwafika pakhungu. Akakukalipira, ulembe akukalipira chomwecho. Unabadwa akukalipa, sunafe.

Kuno kuntchito kwabwera kapitawo watsopano, wa mafayilo m'khwapa. Sabata yatha kagalasi kena kanasowa tsiku lonse, kanapezeka m'dilowa ina. Akuti ndinaona 3 pamene panali 8. Manambala a masiku ano akuwalemba ang'onoang'ono, si vuto langa. Wandiuza kuti ndikayezetse maso. Izi zisakudetseni nkhawa, ndangozitchula.

Ndikudikira yankho ndi basi ya Loweruka likubwerali, osati linalo.

Bambo a ana

4 Ogasiti

Amayi a ana,

Moni ndikupereka chifukwa ndinaleredwa, koma mtima wanga suli pamalo. Thupi lili bwino.

Kalata ya wachisamba ndaiwerenga katatu, kachinayi ndinampatsa Lumo kuti mwina ndi maso angawa. Si maso. Akuti chikhadabo chakuda chija chinang'ambika pakati kale mu Epulo, chikutuluka madzi, chikununkha, kudako kwafalikira pakhungu. Ndipo akuti tsiku lodula lija munachiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo ako anati tisawachititse manyazi. Ichi sichingapite kwa Dokotala." Ndiye munadula cha chala choyandikana nacho, chooneka bwino, poti zonse n'za phazi limodzi, magazi ake ndi amodzi.

Amayi. Amayi inu. Munthu akabwera ndi diresi long'ambika kumsana, mumasoka kutsogolo poti nsalu ndi imodzi?

Miyezi itatu takhala tikuchiza chala chosalakwa. Chayera, chikuwala, zikomo kwambiri. Ndakhala ndikuyenda nacho m'thumba, kuonetsa mlonda wa pageti.

Ndipo akuti chiyambire munkaganiza kuti ndi nsapato zakuda zija zinakufinyani, n'chifukwa chake munkabisa, kuopa kuti ndingadandaule poti ndinazigula modula. Nsapato. Mukanaziponya m'chimbudzi n'kundiuza, ndikanagula zina.

Ndakalipa mokwanira. Tsopano ndinene zanga, wachisamba usadumphe pano. Mawu aja ndinalemba ndine. Musanditumizire zonyansa. Ine amene ndimanyamula zonyansa za anthu osawadziwa tsiku ndi tsiku, zotupa, zowola, ndipo ndikudziwa kuti chipinda chathu chimadya zomwezo, choyera sichitiuza kanthu. Ndinaganiza za nkhope yanga pamaso pa Dokotala. Lumo anati kachepa, ndinaseka. Dokotala anafunsa ngati n'cha chala chomwecho, ndinayankha ngati loya. Ntchito yanga yonse ndi kuonetsetsa kuti kachidutswa ndi mwini wake sizikusiyana, ndipo ndalakwitsa pa munthu mmodzi yekha amene ndili naye.

Ndinakamuuza Dokotala nditaimirira ngati mwana woswa mbale. Sanati ndinanena ine. Anangotenga pepala n'kuyamba kulemba.

"Madala, kalata iyi apite nayo kwa dokotala wa maopaleshoni, osati pa mzere wa mafuta opaka. Adule kumuzu ndi pakhungu lakudalo. Kwanuko zotsatira zimatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Aneba athu anadikira miyezi isanu."

"Ndiye kabwere kuno. Ulendo uno tikalemba m'buku."

M'phukusili muli kalatayo, mapepala ololeza kuti kachidutswako kadutse pachipata cha m'malire, ndi kabotolo ka madzi osungira mnofu, otchedwa fomalini. Madziwo ndi poizoni, muwaike patali ndi zidzukulu. Wina asawataye poganiza kuti ndi akuda, wina asawonjezere a pampopi. Kachidutswa kalowe m'menemo pomwepo akangodula, chivindikiro chimangidwe zolimba. Ndalama ya zonse ili mu sokosi ya buluu.

Mukapite Lolemba. Mayunifolomu, madiresi a ukwati, makatani a aphunzitsi, zonse zidikire. Ndipo chala chake ndi CHACHIKULU, CHAKUDA, CHONUNKHACHO. Ndalemba zilembo zazikulu kuti ndi achimwene anu omwe amve.

Bambo a ana

1 Seputembala

Okondeka amayi a ana,

Moni. Ndamva kuti bala la pomwe anadula likupola, ndipo munawauza anamwino kuti amanga bandeji mokhota. Ndasangalala kuti pakamwa pali bwino. Ine ndilipo.

Kabotolo kanafika Lolemba lapitalo. Ndinakalembetsa pansi ngati ka wina aliyense, anakapatsa nambala 4817. Ndinam'pempha kalaliki kuti anditchulire nambalayo mokweza, kenaka Lumo anditchulirenso. Ndinakwera nako masitepe ndi manja awiri. Bondo silinanene kanthu tsiku limenelo.

Lumo sanaseke ulendo uno. Anangoti, "Madala, pitani mukakolope kwina, ndikadula ndekha bwinobwino." Ndinakolopa khonde limodzi katatu.

Lachisanu m'mawa timagalasi tinalowa kwa Dokotala. Ine ndinali panja pa chitseko, pamalo panga. Anayamba ndi a anthu ena, njerewere, chikanga, kuthamanga monga mwa masiku onse. Kenaka anachedwa pa kagalasi kamodzi. Ndinamva akusintha magalasi a makina, kubwerera, kusinthanso. Kenaka kamakina ka mawu kanalira.

"4817," anatero. Anapuma. "4817."

Sindinadikire kuitanidwa. Ndinatsamiritsa chikolopa kukhoma n'kulowa.

"Mwamva," anatero.

"Ndamva, Dokotala."

"Khalani pansi, Madala."

Ndi khansa, amayi. Ndalemba dzina lake poyera chifukwa kubisa kwatidyera kale miyezi. Ndi ya timbewu tomwe timapatsa khungu mtundu wake. Inayambira kumuzu kwa chikhadabo, mzere uja unali utsi wake chabe. Dokotala akuti chala chichoke chonse, msanga, isanayende. Ayang'anenso m'mphechepeche ngati muli mwanabere. Zotsatira zolembedwa zili mu envulopu yofiirira, mupite nazo kwa dokotala wa maopaleshoni yemwe uja.

Ndikudziwa zomwe mukunena panopa, ndikukumvani ndili kuno. Ndipalasa ndi chiyani makina? Ndinam'funsa Lumo zomwezo, poti amayi ake ankasoka. Anati, "Makina amapalasidwa ndi phazi, Madala, si limba loti lifune zala zonse." Ndipo ngakhale akanati azipalasidwa ndi chala chimenecho chokha, ndikanati chichoke. Ndinakwatira inu, sindinakwatire chala. Pa zala khumi, chimenecho sindinachionepo n'komwe bwinobwino.

Musapite kwa aliyense wolonjeza kuti achiza osadula. Musadikire kuti mwezi uthe. Musadikire ine. Wachisamba, ukaona akuyamba kupinda nsalu za anthu kuti amalize kaye, uchotse lamba wa makinawo ubise kwanu.

Chalacho akachotsa, chibwerenso kuno m'botolo lalikulu lomwe ndatumizali. Dokotala akufuna aone ngati achotsa yonse.

Za maso ndinapita. Tidzakamba.

Ndine amuna anu,
bambo a ana

6 Okutobala

Okondeka amayi a ana,

Moni kwa inu, wachisamba ndi onse amene akukuperekezani kuchipatala. Ndamva kuti mwayamba kuponda pansi ndi ndodo, ndipo lamba wa makina simunaupezebe. Mwanayo ndi wanga ndithu.

Botolo linafika. Sindinaganizepo kuti chala chomwe ndinalephera kuchiona zaka zitatu chidzanditsatira chokha pa basi. Ndinachiyang'ana kudzera m'galasi. Munapirira, amayi. Chinthu chimenecho munkachiveka nsapato n'kupita nacho kumsika.

Ndikuuzeni mmene amachitira. Pomwe dokotala wa maopaleshoni anadutsa ndi mpeni, Lumo amapakapo inki yobiriwira asanadule. Ndiye pa kagalasi inkiyo imaoneka ngati mpendero wa nsalu. Khansa ikakhudza mpenderowo, ndiye kuti ina yatsala m'thupi. Pakakhala mpata, achotsa yonse ya pamenepo.

Ulendo uno Dokotala sanayatse kamakina ka mawu. Anatulukira pa chitseko. "Madala, musavutike kumvetsera. Lowani."

Ndinaika diso. "Mukuona mzere wobiriwirawo?"

"Ndikuona, Dokotala."

"Simukuona. Mwaika diso lolakwika, lija oyeza maso anati lili ndi ng'ala."

Ndinachoka pa makinawo. Anandiuza ndi pakamwa. Mpata ulipo, waukulu, mbali zonse. Mpendero ndi woyera. Koma khansayo inali italowa pansi ndithu, kuposa mmene akanafunira. Ndinafunsa ngati mu Epulo inali isanalowe choncho. Anati kagalasi sikanena za Epulo, kamanena za lero. Ndinaona kuti akundisungira ulemu.

Tsono akuti mwanabere sanam'peze, koma azikupimani miyezi itatu iliyonse, zaka zingapo. M'mphechepeche, kuseri kwa bondo, pa chipsera, ndi phazi linalo lomwe. Pakhale munthu woyang'ana sabata iliyonse, wosamva kukalipa.

Munthuyo ndine. Kapitawo wanena kuti mwezi uno ndi womaliza, manambala akundithawa. Ndikanatha kukangana naye, Dokotala anali wokonzeka kundiyankhulira, koma ndamuuza asavutike. Timagalasi tanu ndatisunga ndekha dzulo, Lumo akunditchulira nambala, dilowa yachitatu kuchokera pansi. Kagalasi ka chala chosalakwa kaja ndikubwera nako, mukaone ulusi wake.

Ng'ala akuti imachotsedwa, diso linalo likuona zapafupi bwinobwino. Phazi si nambala, ndiliona. Za makina musadandaule, mpaka chipsera chilimbe ndizipalasa ndine, inu muzigwira nsalu. Mudzandikalipira kuti ndikuthamanga, ndikudziwa.

Ndikwera basi ya pa 31, ndifika tsiku lotsatira masana. Musabwere kudepoti, musaphike zambiri, achimwene anu asabwere kudzandilandira ndi nkhani za denga. Chimodzi chokha ndikupempha, ndipo wachisamba uwerenge pang'onopang'ono. Musavale nsapato, musavale sokosi, musamange kansalu koyera poti kukubwera alendo. Ndikupezeni mutakhala pampando, phazi lili pa mpando wina, mmene lilili.

Ndine amuna anu,
bambo a ana